Chithunzi Chimene Anakana Kufufuta

A Sajeni anali atagwira akuba a mitundu yonse pa moyo wawo wa upolisi: oboola makoma, opisa m'matumba, mpaka mkulu wina wa mpingo amene anagulitsa belu la tchalitchi chake chomwe. Koma mlandu woti mboni yaikulu ikhale kompyuta, ayi ndithu, umenewo anali asanaugwirepo. Mayiwa ngakhale foni yawo ankaidina ndi chala chimodzi ngati akupha nsabwe. Ndiye m'mawa umenewo analowa mu ofesi ya kampani yonyamula maphukusi nkhope ili ndwii.

Nkhani yake inali yotere. Wojambula zithunzi wina anatumiziridwa kamera yatsopano ndi mlongo wake wa kunja. Dzulo lake masana, bamboyo ali khale m'nyumba mwake, foni inalira. Inali imelo yochokera ku kampani, yomuthokoza kuti walandira katundu wake, ndipo pansi pa mawuwo panali chithunzi cha katoni ili pakhomo pake. Anatsekula chitseko, koma pakhonde panalibe kanthu, ngakhale kachidutswa ka pepala. Kompyuta ya kampani inati amene ananyamula phukusilo n'kulijambula ndi wanjinga yamoto wina amene anzake ankamutcha Birimankhwe, chifukwa pamsewu sankadziwa kuthamanga. Dzuwa lisanalowe, Birimankhwe anali m'chitolokosi.

"Kompyuta sinama, a Sajeni," anatero mwini kampani, mayi wa mawu aakulu amene antchito onse ankangowatchula kuti Abwana. "Kale phukusi likasowa tinkalozana zala mpaka kukhuta. Lero makina atiuza okha. Tatsekulani aone, alamu."

A Mlamu anali mkulu wawo wa malemu amuna a Abwana, ndipo ndiwo ankayang'anira antchito. Munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji, tsitsi lopaka mankhwala lili bii. Anakhala pa kompyuta yawo, nkhope n'kuiyandikitsa mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Anasakasaka ndi kamuvi kachikasu kolozera pa sikirini, konenepa ngati chala cha munthu, mpaka chithunzi chinatseguka: chitseko chabuluu, chopondera mapazi, ndi katoni ya kampani yomangidwa ndi selotepi yachikasu.

"Umboni ndi umenewu," anatero a Mlamu. "Wajambula, makina alemba kuti katundu wafika, iye n'kunyamulanso katoni, ulendo. Ine ndinanena kalekale kuti abale awiri pa ntchito imodzi ndi mavuto okhaokha."

A Sajeni anayang'ana a Mlamu, anayang'ana Abwana, n'kumeza mawu amene anali atafika kale pakamwa. "Abale awiri ake ati?"

"Simunamve? Amene anatipangira makina amenewa ndi mlongo wake wa wakubayo."

Pakhomo panali pataima mtsikana wochepa thupi, maso atatupa, atakumbatira laputopu pachifuwa. Anyamata a njinga ankamutcha Injiniya.

"Ndi achimwene anga, inde," anatero mtsikanayo.

"Tandiuza, mwanawe. Makina akowa akunama kapena akunena zoona?"

"Ayankhe bwino," Abwana analowerera. "Ngati akunama, lero lomwe tiwataya, tibwerere ku mapepala. Ngati sakunama, mchimwene wakeyo akagwira ukaidi."

"Sakunama. Foni ya achimwene ndi imene inajambula chithunzicho."

Koma abale! A Sajeni anali ataona anthu akulumbira mabodza pa Baibulo pofuna kupulumutsa mbale wawo. Mlongo womangitsa mchimwene wake ndi pakamwa pake, uyu anali woyamba.

* * *

Ofesi ya Injiniya inali kachipinda kamene kale ankasungiramo matayala, ndipo fungo lake linali lisanachoke. A Sajeni anakhala pa kampando kogwedera n'kuvula chipewa.

"Undifotokozere ngati ukuphunzitsa mwana kuyenda. Ine za makinazi ndine mbuli."

Mtsikanayo anatsekula laputopu, ndipo atangoyamba kulongosola ntchito yake, mawu anasiya kunjenjemera. Phukusi likafika pa kauntala limalandira nambala yake, yomata pa katoni. Wanjinga akalinyamula amaloza foni pa nambalayo, ndipo tsamba la kampani pa intaneti limasonyeza kuti katundu ali m'manja mwa uje. Akafika kumene akupita amajambula katoni pakhomo, ndipo nthawi yomweyo imelo imanyamuka yokha, ina kwa wotumiza, ina kwa wolandira. Munthu ali kutsidya kwa nyanja amaona katundu wake akuyenda mumsewu mpaka kukafika.

"Zonsezi wapanga wekha?"

"Ndekha. Koma ndinayamba ndakhala nawo anthuwo, kuona mmene amagwirira ntchito."

Ndipo zinali zoona. Mabatani a pa foni za anjinga anawakulitsa dala chifukwa anthuwo amadina atavala magolovesi. Bambo wosunga makiyi a nyumba ya katundu khutu lina linafa kalekale, ndiye kompyuta yake m'malo molira inkaphethira. Imelo yopita kwa makasitomala inkayamba ndi moni ngati wolemba ndi munthu woleredwa bwino. Mwanayu anasoka makinawo ngati telala, aliyense pa muyezo wake. A Sajeni anapezeka akugwedeza mutu okha. Kunena zoona anachita kaso, ndipo zinawakwiyitsa pang'ono kuti achita kaso.

"Nanga makinawa sanena kuti foni inali kuti pojambula?"

"Ndinkafuna kuikamo zimenezo. A Mlamu anakana, akuti zizitha batire."

A Sajeni anasendeza mpando pafupi. "Chithunzichi ungachifufute?"

"Ndi chala chimodzi."

"Wina angadziwe?"

"M'makinamu simungatsale chizindikiro."

"Nanga bwanji chikadalipo?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, pa simenti. "Akazi a achimwene anabwera m'mawa, anagwada pomwe mwaika mapazipo. Anati chibale ndi fupa, sichiwola. Anati chithunzi chikasowa, mlandu watha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma ndikafufuta, achimwene atuluka ali wakuba amene mlongo wake anamubisa, ndipo dzina limenelo adzafa nalo. Ine ndikudziwa kuti sanabe, a Sajeni. Ndiye kuti m'chithunzimu muli china chake chimene sindikuchiona. Ndikachifufuta, chimenecho chipitanso limodzi."

"Ndipo ngati mulibe?"

Injiniya anawasindikizira chithunzicho n'kuwapatsa.

* * *

M'chitolokosi a Sajeni anapeza kuti Birimankhwe ndi bambo wamtali, wolankhula mmene ankayendetsera njinga: mawu amodzi, kupuma, mawu ena.

"Katoni imeneyo sindinaigwire. M'mawa ndinanyamula mankhwala ndi mabuku. Masana ndinabwerera ku ofesi."

"Foni inali kuti?"

"Pathabwa."

Anafotokoza mwapang'onopang'ono. M'kanjira ka m'kati mwa ofesi, pakati pa kauntala, nyumba ya katundu ndi chipinda cha a Mlamu, panali thabwa lokhomedwa kukhoma, la masoketi ambiri. Masana anjinga onse ankasanja mafoni pamenepo kuti atchaje, iwo n'kupita kukadya tsidya la msewu.

"Umaitseka foniyo ukaisiya?"

Bamboyo anazolika. "Mlongo wanga amanena tsiku ndi tsiku. Achimwene, mukasiya foni muzituluka kaye m'makinamo. Koma mawu achinsinsi amene anatipatsa ndi aatali ngati njanji. Munthu wanjala alembenso zimenezo? Timangosiya chitsekulire. Tonse, osati ine ndekha."

"Anakuona ndani ukudya?"

"Dzulo sindinadye. Tayala linaphwa. Ndinakankha njinga kupita kwa womata, womata kulibe. Ndinamata ndekha kuseri kwa shedi yake."

"Ndiye palibe anakuona."

"Agalu."

A Sajeni anausa moyo. Munthuyu ankadzikumbira yekha dzenje, ndipo akuba enieni sachita choncho. Wakuba amabwera ndi mboni khumi, zonse zoloweza nyimbo imodzi. Ataimirira kuti azipita, Birimankhwe anagwira chitsulo cha pachitseko.

"Mkazi wanga akuti wakana kufufuta. Ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Mwana amene uja ndinalera ine." Mawu anatuluka molemera. "Makolo atatisiya anali ndi kadiresi kamodzi. Njinga ndinaphunzira iye ali kumbuyo kwanga, atagwira malaya anga, ndikupita naye ku sukulu. Lero wasankha makina." Anatembenukira kukhoma. "Mukamuuze asabwere kudzandiona."

* * *

Wojambula uja anawaona a Sajeni akadali pamsewu, ndipo anatuluka manja ali m'mwamba.

"Mayi Sajeni! Mwabwera ndi kamera yanga? Loweruka ndili ndi ukwati, mayi, ukwati wa anthu olemekezeka! Ndikawajambule ndi chiyani, ndi maso?"

A Sajeni anali ataima chilili pageti, akuyang'ana chithunzi chimene Injiniya anawasindikizira, n'kuyang'ana nyumba, n'kuyang'ananso chithunzi. Chopondera mapazi chinali chomwecho. Mng'alu wa pakhonde unali womwewo. Koma chitseko chinali chofiira psuu.

"Chitseko ichi chinafiira liti?"

"Chimenechi? Madamu anga anapenta mwezi watha, akuti buluu ndi wa ku chipatala. Ine ndinati, mayi, m'nyumba muno wodziwa mitundu ndani? Koma mukudziwa kale mmene..." Anaima pakati pa mawu, n'kulanda pepala lija. Anadzimenya pachipumi. "Mayo ine! Wojambula wathunthu, osaona zimenezi! Mkwiyo unanditseka m'maso."

"Kampaniyi inakubweretseranipo katundu wina kale?"

"Mapepala osindikizira zithunzi, chitseko chikadali chabuluu. Katoni ngati yomweyi. Makatoni awo onse ndi mapasa."

Tsopano bamboyo anali atalowa m'munda mwake. Anatengera pepala pa dzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Ndipo chithunzichi n'chonyansa, mayi, ndinene mosabisa. Onani timizere iti, ngati mafunde. Kuwala kwa dzuwa sikujambula chonchi. Komanso taonani apa. Katoni ili ndi mthunzi wake. Chopondera mapazi chili ndi mthunzi wake. Koma kansonga ka selotepi aka, kotukuka m'mwambaka, mthunzi wake uli kuti? Ine ndajambula maukwati ndi maliro osawerengeka. Chinthu chopanda mthunzi ndi mzukwa basi."

A Sajeni anapinda pepala lija mosamala n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

* * *

Atabwerera ku kampani sanauze munthu za chitseko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayamba ndi mtsikana wa pa kauntala, amene pakamwa pake panalibe mabuleki.

"Ine masana sindichoka, a Sajeni, koma ndimadya nditatembenukira kukhoma, makasitomala asandione ndikutafuna, ndiye za kuthabwako musandifunse. Koma dzulo, iii! Wojambula uja anafika kuno anjinga asanamalize n'kudya komwe, imelo ili m'manja, akukuwa ngati wapsa. Abwana pompo analamula kuti aliyense wotuluka asechedwe pageti, iwo eni, a Mlamu, tonse. Mpaka lero mlonda akupisa m'zikwama zathu, ine mpaka manyazi, munthu wamkazi m'chikwama mumakhala zambiri."

"A Mlamu amadya kuti?"

"Mu ofesi mwawo, atatseka. Akuti bwana sadyera pagulu." Anatsitsa mawu. "Inu mwawaona mmene amanunkhizira kompyuta? Magalasi ali nawo, ndinawaonapo ine, koma kuvala ayi, akuti amawakalambitsa. Tsiku lina anapatsa moni jekete lopachika pachitseko."

Bambo wa makiyi anali wosiyana naye ngati usiku ndi usana.

"Mwati chiyani?"

"Ndati kiyi ya nyumba ya katundu imakhala kuti masana!"

"Pa msomali."

"Amalondera ndani?"

"Msomali."

"Katoni ya kamera munaiona?"

"M'mawa inalipo. Nditabwera kokadya, palibe. Kompyuta inaphethira kuti watenga Birimankhwe. Ndinati chabwino."

A Sajeni analowa m'kachipinda ka matayala n'kutseka chitseko. Injiniya anadzutsa mutu, ndipo funso linali m'maso mwake lisanafike pakamwa.

"Achimwene ali bwanji? Anena chiyani?"

"Ali moyo," anatero a Sajeni. Uthenga uja anausunga m'mimba. "Tamvera. Chitseko cha wojambula chinapentedwa mwezi watha, pano n'chofiira. Chithunzi chako n'chakale. Kodi mchimwene wako sangakhale kuti anasunga chakale m'foni, n'kuchitumizanso?"

"Sizingatheke!" Mtsikanayo anadzambatuka. "Khomo limenelo ndinatseka poyambirira penipeni. Makina salandira chithunzi chosungidwa, kamera iyenera kujambula pompopompo. Ndipo chikangotumizidwa sichitsala m'foni. Zithunzi zakale zimaoneka pa makompyuta atatu okha a mu ofesi muno."

"Wojambula akuti muli timizere ngati mafunde."

Injiniya anakhalanso pansi. Anakulitsa chithunzi mpaka chinadzaza sikirini, ndipo mafunde aja anaoneka bwinobwino.

"Timizere iti timabwera munthu akajambula sikirini ndi foni," ananong'ona. "Ine ndinkayesa ndi galasi la kamera lakuda. A Sajeni, foni ya achimwene siinapite kwa wojambula. Wina anaichotsa pathabwa, analoza pa nambala ya katoni, kenaka anatsekula chithunzi chakale pa kompyuta n'kuchijambula."

"Kompyuta iti mwa zitatuzo?"

"Zimenezo makina sanganene."

"Takulitsa apa. Pa kansonga ka selotepi kopanda mthunzi."

Zala za mtsikanayo zinayenda. Kansonga kaja kanakula, kanakula, ndipo kanasiya kukhala selotepi. Kanali ndi mutu wosongoka, mapewa awiri ndi kamchira. A Sajeni anayandikitsa nkhope.

"Ichi ndachionapo ine m'mawa womwe uno."

Injiniya anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndinakapanga ndine," anatero. "A Mlamu ankangotaya kamuvi koyera kaja pa sikirini, n'kumakuwa kuti makina anga afa. Tsiku lina iwo kulibe ndinakakulitsa, n'kukapatsa mtundu wachikasu kuti azikaona. Sindinawauze, ndinkaopa kuwachititsa manyazi. Makompyuta enawo ali ndi koyera, kakang'ono."

* * *

Khoswe wa pa mkhate sapheka, ndipo a Mlamu anali atakhala pa mkhate weniweni. A Sajeni anadziwa kuti akangonena ndi pakamwa, Abwana aikira kumbuyo magazi a malemu amuna awo. Ndiye sananene kanthu. Anangopempha Abwana kuti abwere m'chipinda cha a Mlamu, n'kuuza Injiniya kuti aike laputopu pambali pa kompyuta ya bamboyo.

"Bambo, tandithandizani. Maso angawa akalamba. Mukuona chiyani apa?"

A Mlamu anasuzumira. "Selotepi."

"Tayandikirani."

"Ndati selotepi! Mwabwera kudzafufuza mlandu kapena kudzasewera?"

"Tagwedezani kamuvi kanu."

Bamboyo anakankha mausi mokwiya. Pa sikirini yawo kamuvi kachikasu kanathamanga uku ndi uku. Pa laputopu mnzake wa kamuviko anali phee pa katoni, pakhomo la chitseko chabuluu. Abwana anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, ndipo mayi wa mawu aakulu uja anasowa mawu.

"Chitseko chimenecho chinafiira mwezi watha," anatero a Sajeni. "Valani magalasi anu, bambo, muone bwino."

"Ndilibe magalasi ine."

"Ali m'dirowa yapansiyo," anatero mtsikana wa pa kauntala, amene khutu lake linali kale pachitseko.

Bondo la a Mlamu linasendera lokha n'kutsamira dirowa ija. A Sajeni analiona. Abwana analionanso.

"Tsekulani, alamu."

"Mlamu, ine ndi iwe tikambirane patokha. Anthu awa..."

"Ndati tsekulani."

Pamwamba panali kachikwama ka magalasi. Pansi pake panali thaulo lopinda bwino, ndipo pansi pa thaulo panali kamera yatsopano, lamba wake akadali m'pulasitiki. Imelo ija inafulumira kuposa wakuba. Wojambula anafika katundu asanatuluke, pageti anayamba kusecha anthu, ndipo kamera inagona m'dirowa.

A Mlamu anagwera pampando. Jekete linaoneka ngati lawakulira.

"Kampani iyi tinayamba ndi mng'ono wanga," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinkanyamula makalata ndi manja angawa kamtsikana aka kasanabadwe. Kale phukusi limodzi likasochera panjira, ndani ankafunsa? Chibwerereni makina akewa, ngakhale envulopu ili ndi maso." Anatembenukira kwa Injiniya, ndipo m'mawu mwawo munali kudabwa kwenikweni. "Ine ndinkayesa ufufuta. Ndani sangafufute chifukwa cha mchimwene wake? Chithunzicho ndinasindikiza changa n'kusunga. Ukanangofufuta, ndikanaonetsa mlamu wangayu kuti makina ako amabisa akuba, ndipo nonse awiri mukanatuluka limodzi."

A Sajeni anatulutsa unyolo. Msampha unali wa pakamwa pawiri, ndipo kamtsikana kochepa thupika kanadutsa pakati pake osadziwa n'komwe kuti pali msampha. Pa zaka zawo zonse za upolisi anali asanagomepo ndi munthu mmene anagomera ndi mwana ameneyu, ndipo anamuuza pomwepo, pamaso pa onse.

"Mwanawe, amene anakulera anakulera."

Injiniya anatseka laputopu. "Achimwene sakufuna kundiona, eti? Mwabisa, koma ndaona pankhope panu."

* * *

A Sajeni anakamutulutsa okha Birimankhwe, n'kuyenda naye mpaka ku kampani kuti akatenge njinga yake. Panjira anamufotokozera zonse, za chitseko, za mafunde, za kamuvi. Bamboyo ankangomvetsera, manja ali m'thumba.

"Akanamvera mkazi wako," anamaliza motero, "umboni wokupulumutsa ukanapita ndi chala chimodzi. Lero bwenzi uli panja, inde, koma aliyense akugwira chikwama chake ukamadutsa."



Pabwalo anjinga anzake anamulandira ndi mahutala. Abwana anatuluka n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Injiniya yekha anaima patali, pakhomo la kachipinda ka matayala, laputopu ili pachifuwa ngati chishango.

Bamboyo analowa m'kanjira kaja n'kutuluka ndi foni yake. Anayenda mpaka pamene panali mlongo wake, osafulumira, n'kuima. Anakweza foni kuti mtsikanayo aone, anadina batani lotulukira m'makina, kenaka anayamba kulemba mawu achinsinsi aja, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Analakwitsa. Anayambiranso. Foni itatseguka anatulukamonso, n'kuiika m'thumba.

"Ndi aatali ndithu," anatero.

"Ndiwafupikitsa, achimwene."

"Usafupikitse."

Anapita pa njinga, anamasula chipewa chachiwiri chimene chinkakhala kumbuyo, n'kumupatsira.

"Kwera. Ndikakusiye kunyumba."

Mtsikanayo anayesa kuseka, misozi ili chuchuchu. "Ndi inuyo tikafika mawa."

"Tikafika."

Njinga inatuluka pageti mwa kayendedwe kake ka masiku onse, anjinga anzake akuseka kuti ngakhale wapansi aipitirira. A Sajeni sanaseke nawo. Anaona dzanja la Injiniya likugwira malaya a mchimwene wake kumsana, nkhope n'kuibisa pomwepo, ndipo anaona bamboyo akuchepetsanso liwiro pofika pa kadzenje ka pamsewu. Apo m'pamene anadziwa chifukwa chake munthu ameneyu sankathamanga. Njinga anaiphunzira atanyamula mwana kumbuyo, ndipo mwanayo anali asanamutsitse.